Mpweya wa pa Kaseti ya Ababa

Mayfair, Joni
11 Meyi 2025

Habiba mkazi wanga,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino, iwe ndi mwana wathu Zuhura. Mwendo wa amayi uli bwanji? Ine kuno ndili bwino, Alhamdulillah, kungoti chisanu chayamba msanga, ndipo kuntchito kuno, komwe timalongedza tsabola ndi zokometsera ndiwo, fumbi silitha. Sizodandaulitsa.

Usadabwe kuti ndalemba papepala n'kukujambulira pafoni m'malo mokutumizira mawu. Ndimakudziwa. Mawu anga umawatsegulira pakhonde, foni utaikweza mpaka pamapeto, amayi n'kumamva zonse uku akupeta mpunga. Akamva kuti ndikulowetsa ndalama m'zanyimbo ndiye kuti mpaka ku Nkhunga adziwa.

Kaseti yafika. Wa thiraki uja anandipatsa pamanja Lachinayi, ili m'mpango wako wobiriwira. Nditaona zolemba za malemu ababa, a Amiri, "Sikiri, Chia, 1998," ndinakhala pansi pamsewu pomwepo. Habiba, munthu anatsogolera sikiri zaka makumi anayi, koma mawu ake anatsala pamalo amodzi okha, pa kakaseti kameneka. Foni ankaithawa, amati imatenga mawu a munthu isanapemphe. Amayi uwauze kuti ndikudziwa kuti andibwereka, sanandipatse. Ibwerera ili yonse.

Chimene ndikufuna ndi ichi. Pa sadaka ya chaka, pa 30 Ogasiti, anthu akatha kudya, ababa adzaimbe. Chimwalirireni ababa amayi sanawamvepo mawu, pajatu wailesi ya kaseti ija inafa kalekale.

Tsono kuti mawu achoke pakaseti n'kukonzedwa bwino pamafunika pulogalamu yopangira nyimbo, ya pakompyuta kapena ya pafoni. Ine ndimadziyesa katswiri, popeza ndatha zaka zinayi ndikupanga timabiti tanga tija, timene iwe umati timamveka ngati injini ya boti ya mlongo wako Yusuf ikamakana kulira. Koma nditayamba kufufuza mutu unaima. Mapulogalamu ndi ambirimbiri, ndipo iliyonse ikuti inzake ndi yachabe. Ina ya m'masitudiyo akuluakulu mtengo wake ndi marandi zikwi zisanu ndi zinayi. Ndinawerenga kawiri poganiza kuti maso andiwonjezera ziro. Ndalama imeneyo kwathuko ndi bwato ndi ukonde wake, koma kuno akugulitsa kanthu kosagwirika ndi manja.

Ndalama ndatumiza dzulo. Mbuzi ya sadaka ugule tsopano, Idi isanaikweze mtengo. Mpunga usagulitse wonse ngakhale mavenda akukakamize, usiye matumba atatu.

Ndine mwamuna wako,
Sharifu


Mayfair
1 Juni 2025

Habiba,

Asalamu alaikumu. Ndasangalala kumva kuti Zuhura wachira chimfine komanso kuti mbuzi wagula. Wati ndi yowonda. Idyetse, ili ndi miyezi itatu yoti inenepe. Ine ndilipo. Kachifuwa kakundivuta pang'ono, koma kuno mwezi wa Juni aliyense amatsokomola.

Kalata iyi ukawerengere kumunda wa chinangwa, osati pakhomo.

Ndili ndi mnzanga Layson, wa ku Dwangwa. Amaimba kiyibodi kutchalitchi kwawo ndipo ali ndi laputopu. Dzulo anabwereka wailesi ya kaseti kwa mkulu wina wa mumpingo mwawo, tinailumikiza ndi chingwe, mawu n'kumalowa mu memore khadi yanga. Ababa anayamba kuimba. Mawu ali patali, kaseti ikusokosa ngati mvula pamalata, tambala akulira, wina akutsokomola, koma ndi ababa enieni.

Layson anandifunsa kuti, "Amwene, ng'oma zake zili kuti?"

Ndinamuuza kuti sikiri ilibe ng'oma. Amuna amaima bwalo, mmodzi akutsogolera mawu otamanda Mulungu, enawo akukoka mpweya ndi kuutulutsa pamodzi, mwamphamvu, kuchokera m'chifuwa. Ng'oma yake ndi imeneyo. Pa kasetiyi akumveka kwambiri a Hassani ndi a Kalilu, anzawo a ababa aja, chifukwa anaima pafupi ndi wailesi. Malo ena akuwefuka mpaka kuphimba mawu a ababa.

Tinamvetsera mphindi makumi awiri ndi zitatu. Nyimbo yomaliza itangotha, wailesi inalira moipa n'kuima. Potsegula tinapeza tepi yonse yakulungana mkati, zakuda zija zasenda, zatsalira pazitsulo ngati mwaye. Nditaikweza kudzuwa ndimaona kuseri kwake. Habiba, ndinalonjeza kuti ibwerera ili yonse, ndipo yafera m'manja mwanga. Layson akuti makaseti akale amatero, ina imangotsala ndi kuimba kumodzi komaliza. Amayi usawauze. Chachikulu n'choti mawu alipo, ali mu memore khadi.

Tsopano ndatsala ndi mapulogalamu atatu oti ndisankhepo. Yoyamba ndi yaulere, imene Layson amajambulira kwaya yawo. Kuiona kwake ngati fomu ya kuchipatala, ndipo siichita kanthu usanaiuze. Chilichonse umachita wekha, pang'onopang'ono. Yachiwiri ndi yodula ija. Pali munthu wina m'tauni amaigulitsa marandi zana limodzi basi, yobedwa. Ndalama ndinali nditatulutsa kale, koma ndinadzifunsa kuti dzina la Mulungu, lotuluka pakamwa pa ababa, lidutse m'chinthu chakuba? Ndinabweza ndalama m'thumba, munthuyo n'kunditukwana m'chilankhulo chake.

Yachitatu ndi ya pafoni, yolipira mwezi ndi mwezi. Ili ndi batani limodzi, ukalidina imachotsa phokoso lonse n'kusiya mawu a woimba okha. Ndaona anthu akuonetsa pa intaneti, ndinagwira pakamwa.

Layson akuti nditenge yaulere, ndipo ndisanakhudze kalikonse mawuwo ndiwasunge pawiri. Ndi munthu wabwino, koma amaopa zinthu. Kwaya yakeyo imamveka ngati anaijambulira m'thanki.

Denga la khitchini Yusuf alikonze mwera usanakule.

Sharifu


Mayfair
15 Juni 2025

Habiba wanga,

Asalamu alaikumu. Idi yanu inayenda bwanji? Chithunzi cha Zuhura atavala diresi latsopano ndachiona, mwanayu watalika mosandiuza. Ine Idi ndinaidyera kuntchito. Anzathu awiri sanabwerenso chichokereni Lachitatu, nkhani ya mapepala. Ine masiku ano ndimadzera njira ya kuseri kwa mzikiti. Usadere nkhawa.

Ndasankha. Ndatenga ya batani ija. Ndinaikamo mawu a ababa, ndinadina, ndinapita kukateleka tiyi. Madzi asanawire inali itamaliza. Habiba, sindinakhulupirire makutu anga. Kusokosa konse kwapita. Tambala wapita, wotsokomola uja wapita, a Hassani ndi kuwefuka kwawo apita. Atsala ababa okha, mawu ali mbee, ngati akhala pabedi langa pompano. Ndinatembenuka kuyang'ana kukhomo. Kenako ndinalira, sindikubisira.

Ukukumbukira zomwe ababa ananena atamva kanyimbo kanga koyamba? Anati, "Zako izi zilibe chifuwa." Ine ndinatuluka m'bwalo la sikiri ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo nkhaniyo sitinaikambenso mpaka anapita. Lero luso lomwelo ankalinyozalo ndi limene lawabweza. Ndikanakonda akanadzimva.

Pulogalamuyi imadya malo ambiri ndipo foni inadzaza, ndiye zakale zaphokoso zija ndafufuta. Zinalibenso ntchito.

Ndimati ndidikire mpaka Ogasiti koma mtima ukukana. Ndakutumizira pa watsapu. Mawa amayi akatha swala ya madzulo uwakhazike pamkeka, usawauze kanthu, ungotsegula. Uwayang'anitsitse nkhope kuti udzandifotokozere zonse. Akamva izi, za kaseti ija sadzazifunsanso.

Nsapato za Zuhura ndagula, zibwera ndi wa thiraki kumapeto kwa mwezi. Ndatenga zokulirapo dala.

Mwamuna wako katswiri,
Sharifu


Mayfair
22 Juni 2025

Habiba,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira nonse mwadzuka. Za ine sindidziwa kuti ndinene chiyani.

Kalata yako ndaiwerenga kanayi. Wati amayi anakhala pamkeka, anamvetsera pang'ono, n'kunena kuti, "Zimitsa." Wati utazimitsa anati, "Mawuwo ndi a bambo ake Sharifu, koma munthuyu sakupuma. Ndani wawaimbitsa atafa kale?" Ndipo wati anafunsanso kuti, "Anzawo awapititsa kuti? A Amiri sanaimbepo okha." Tsiku limenelo sanadye, ndipo akufuna kaseti yawo.

Poyamba ndinapsa mtima. Ndinati amayi akalamba, sadziwa zinthu zamakono, azolowera phokoso. Ndinafika potenga pepala kuti ndikulembere zimenezo. Kenako ndinavala mahedifoni kuti ndidzitsimikizire kuti olakwa ndi iwo.

Habiba, amayi akunena zoona. Mzere ukatha wina ukungoyamba, pakati palibe kanthu. Mphindi makumi awiri ndi zitatu munthu osakoka mpweya ngakhale kamodzi. Ndinayesa kuimba nawo limodzi ndipo pa mzere wachitatu ndinabanika. Makinawo anatenga kupuma kwa ababa ndi kwa anzawo onse n'kukuyesa phokoso, chimodzimodzi tambala uja. Ndipo ine, mwana wobadwira m'nyumba ya sikiri, ndinaombera m'manja.

Ndinathamangira kwa Layson. Anamvetsera, anavula mahedifoni, n'kundifunsa funso limodzi lokha: "Amwene, ng'oma munandiuza ija mwaipititsa kuti?" Kukanakhala bwino akananditukwana.

Ndayesa zonse. Mu laputopu ya Layson mulibe kanthu, pajatu tinkajambulira mu memore khadi yanga mwachindunji. Khadiyo ndinapita nayo kwa okonza mafoni awiri, onse akuti pamalo pomwe panali mawuwo pakhala zina. Ukudziwa zina zake? Timabiti tanga. Eni pulogalamu ndinawalembera, anandiyankha ndi makina, mwaulemu kwambiri, kuti zimene munthu watumiza amazisunga masiku asanu ndi awiri basi. Ine ndinalemba tsiku lachisanu ndi chitatu. Tepi yokulungana ija ndinamuonetsa mkulu wina wokonza mawailesi, anangoikweza kudzuwa n'kundibwezera.

Ndiye zinthu zili chonchi. Kaseti inafa, ndipo mawu enieni a ababa ndinawafufuta ndi chala changa ichi, popanda wondikakamiza, Layson atandichenjeza. Chatsala ndi munthu wosapuma uja. Ndikuchita manyazi kuposa tsiku lina lililonse pamoyo wanga.

Amayi usawauze iwe. Mlandu ndi wanga, ndiwauza ndekha. Ungondipatsa masiku.

Sharifu


Turffontein
20 Julayi 2025

Habiba mkazi wanga,

Asalamu alaikumu. Pepa chifukwa chokhala chete masabata anayi. Mauthenga ako ndimawaona. Zuhura nsapato zamukwana? Amayi akudya tsopano?

Waona pamwambapa kuti ndasamuka. Kumene ndimakhala kuja kunabwera anthu m'mawa wina ndi mndandanda wa mayina a ife alendo. Ndinatuluka ndi chikwama ndi foni. Zinazo tidzakamba pamaso. Pano ndikugona kwa Layson, wandipatsa mbali ya chipinda chake. Kuntchito ndinajomba masiku angapo chifukwa thupi linakana, n'chifukwa chake ndalama ya mwezi uno yachepa. Za sadaka usakhudze, ngati pavuta ugulitse thumba limodzi la makaka.

Amayi ndinawaimbira Lachisanu titatuluka kumzikiti, ndikhulupirira unamva uli panja. Ndinawauza zonse. Ndimayembekezera kulira kapena kukalipa, koma anangoti, "Ndamva." Kenako anati, "Pa sadaka usadzandiimbire munthu wosapuma uja." Ndinafuna kupepesa kachiwiri koma anali atapereka foni kwa Zuhura.

Tsopano ganizo lako lija. Poyamba ndinaliseka, undikhululukire. Unalemba kuti mpweya umene makina anadya eni ake sanafe onse, a Hassani ndi a Kalilu ali ku Chia konko, akuwedzabe. Ndinamuwerengera Layson kuti tiseke tonse, koma iye sanaseke. Anatsegula pulogalamu yake yaulere ija, yonyansa kuiona ija, n'kundionetsa kuti imalola kusanja mawu mizere yambiri, wina pansi pa mnzake. Ababa pamzere wawo, anzawo pamzere wina, zonse n'kumamvekera pamodzi. Kanthu kameneka kanali pamaso panga chiyambireni Juni, kwaulere, ine ndikukanyoza. Iwe wosagwirapo laputopu waona chimene katswiri sanaone.

Ya batani ija ndaisiya. Kuti uilowe udina kamodzi, koma kuti utulukemo anandifunsa kasanu ngati ndatsimikiza.

Uchite chonchi. Upite ndi Yusuf, utenge shuga ndi masamba a tiyi. Akuluakuluwo uwafotokozere zoona, usandibisire manyazi. Akavomera, mulowe m'nyumba, mutseke chitseko ndi mawindo, nkhuku muzithamangitsire kutali. Mawu a ababa azimvera m'makutu kudzera pa timahedifoni ta Yusuf, wina khutu ili wina khutu ilo, iwe uzijambula ndi foni yako. Pasamveke china chilichonse koma mpweya wawo. Kwatsala masabata asanu ndi limodzi.

Akakana, sindidzawaimba mlandu.

Sharifu


Turffontein
17 Ogasiti 2025

Habiba,

Asalamu alaikumu. Ndathokoza kumva kuti mbuzi yanenepa ndiponso kuti azakhali a ku Ngala adzabwera ndi miphika ikuluikulu. Ine ndiliko bwino pang'ono. Chisanu chikutha.

Zimene munajambula ndinalandira, ndipo nditawerenga mmene zinayendera ndinaseka mpaka kutsokomola. Malangizo anga onse aja palibe limodzi munatsata. Wati a Hassani ataona timahedifoni anati, "Ife timangidwe zingwe m'makutu ngati mbuzi? Sikiri sitichitira m'chipinda. Muikeni Amiri pakati." Ndiye foni ya Yusuf munaiika pampando pansi pa mtengo wa mango, iwo anaitana amuna ena anayi, n'kuima bwalo kuzungulira foni.

Nditavala mahedifoni kuseka kunatha. Nyimbo yoyamba akuyamba mokayika. Koma ababa atakweza mawu, a Hassani anangogwera momwemo ngati anasiyana dzulo, enawo n'kutsatira. Pa nyimbo yachiwiri pali malo pamene mpweya wa munthu mmodzi ukusowa. Ndikuganiza kuti ndi pomwe wati a Kalilu anakhala pansi n'kubisa nkhope m'chisoti. Kenako akumveka akubwerera. Mwera ukuwomba, nkhuku zikulira, iwenso ukumveka ukuuza mwana wina kuti achoke. Dzanja linandiyabwa kuti ndiyeretse. Ndinalikhalira.

Ntchito yosanja yatitengera masabata awiri, Lamulungu lililonse Layson akabwera kutchalitchi. Pulogalamuyi ili ndi kawotchi kogunda mofanana kuti nyimbo isathamange, ndipo timabiti tanga tonse ndimatimangira pamenepo. Ndinayesa kuwamangira ababa, anakana. Amayamba pang'onopang'ono, n'kumafulumira osadziwika kuti ayamba liti, pofika kumapeto bwalo lonse likuthamanga. Anzawo aja akuwatsata osaphonya, patapita zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Kawotchi ndinakazimitsa, zonse tasanja ndi khutu.

Titamaliza panatsala vuto limodzi. Bwalo likupuma, koma wotsogolera ayi. Mzere uliwonse usanayambe pali dzenje pomwe ababa ankakokera mpweya wawo. Ndinati tiwapemphenso a Hassani. Layson anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mpweya wa bambo anu akaupume ndi munthu wina, inu mulipo?"

Lamulungu lapitali masana ndinaima pakona ya chipinda, Layson atandifunditsa bulangeti kuti magalimoto asamveke. Ntchito yanga inali kukoka mpweya ababa asanayambe mzere uliwonse, basi. Habiba, papita zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu chitulukireni m'bwalo, koma chifuwa changa chimadziwa pokokera ndisanaganize. Ndinadabwa mpaka ndinachita mantha. Tinabwereza kambiri chifukwa chifuwa chimandidula. Pamene ndatsokomola tinajambulanso, koma pali kaluzu kena kamamveka ndikakoka mpweya. Layson amati tikachotse, pulogalamuyi ingathe ukaiuza. Ndakana. Ine zochotsa ndinasiya.

Ndakutumizira. Amayi uwauze kuti muli a Hassani ndi anzawo, ndipo asankhe okha. Akafuna imveke pa sadaka, ubwereke sipika ya kumadrasa. Akakana, ikhale. Za amene akupumira ababa usatchule, n'zosafunika.

Ine sindibwera. Ndikawoloka malire panopa sindingabwererenso, ukudziwa chifukwa chake. Tsikulo ndidzachita duwa kuno, kuwapempherera ababa.

Mwamuna wako,
Sharifu


Turffontein
7 Sepitembala 2025

Habiba mkazi wanga,

Asalamu alaikumu. Zikomo chifukwa cha ntchito yonse ya sadaka, Mulungu akulipire. Wati mpunga unakwanira ndipo mbuzi anthu anaiyamikira. Za umoyo wanga lero sindiyamba ndi "ndili bwino," uwerenge mpaka pansi.

Kalata yako yandikhalitsa sabata yonse ndisanayankhe. Wati amayi anakana kumva okha, anati adzamvera limodzi ndi anthu. Wati sipika itayamba, a Hassani anaimirira, a Kalilu n'kutsatira, kenako amuna onse, mpaka bwalo linadzaza, sipika ili pakati. Wati amayi sananene kuti zimitsa. Anamvetsera mpaka mapeto manja ali pamiyendo. Pamenepo ndinaika pepala pansi, ndinathokoza Mulungu, ndinkayesa nkhani yatha.

Kenako ndinatembenuza tsamba. Wati anthu akubalalika amayi anakuitanira m'nyumba n'kutseka chitseko. Mawu awo ndawaloweza. "A Amiri apuma, ndawamva. Koma chifuwa chikuwakokera mpweyacho ndi cha Sharifu. Kaluzu kameneko ndikukadziwa, ndinagona nako pafupi zaka ziwiri bambo ake asanamwalire. Wayamba liti?" Iwenso sunkadziwa, chifukwa sindinakuuze.

Habiba, pakati pa amuna asanu ndi mmodzi, mwera, nkhuku ndi sipika ya kumadrasa yolira mbali imodzi, amayi anatola kaluzu kamene Layson ankavutika kukamva atavala mahedifoni. Miyezi inayi ndakhala ndikulemba kuti ndi chisanu, ndi fumbi la tsabola, aliyense amatsokomola. Pafoni ndimati ndikamva chifuwa chikubwera ndimadula n'kunamizira netiweki. Ya batani ija ikanandibisira bwinobwino, palibe akanadziwa.

Ndiye nazi zoona. Chifuwa chinayamba mu Epulo. Mu Julayi ndinaona magazi kawiri, ndiwo masiku ndinajomba kuntchito aja. Thalauza langa la Idi likundivuka. Kuchipatala ndinkaopa kupita chifukwa cha mapepala, ndinkangogula mankhwala otsekemera pasitolo. Lachiwiri Layson anandigwira dzanja mpaka pakhomo la kiliniki, ndipo sanachoke mpaka nditalowa. Anandiyeza makhololo. Ndi chifuwa chachikulu. Adokotala akuti chimachira, bola ndimwe mankhwala miyezi isanu ndi umodzi osadumpha tsiku. Anandikalipira kuti ndachedwa, koma akuti sindinachedwetsetse. Layson nayenso amuyeza, popeza tagona chipinda chimodzi. Ndayamba kumwa Lachinayi.

Kalata iyi usakawerengere kumunda. Ukhale pakhonde, uwawerengere amayi mokweza, yonse, ndi pomwe ndavomera kuti ndinakunamizani. Ngati akufuna kundikalipira uwapatse foni, sindidula.

Nyimbo ija uisunge patatu, mu foni yako, mu ya Yusuf, ndi mu ya ashehe. Layson akuti panayi. Munthu wina akadzakuuza kuti angathe kuiyeretsa, umuthamangitse, ngakhale atakhala ine.

Ndalama ya mwezi uno ichedwa pang'ono, andisamutsira ku geti komwe kulibe fumbi. Zuhura umupsompsone. A Hassani uwauze andisungire malo m'bwalo, pafupi ndi a Kalilu. Adokotala akuti pofika Malichi ndidzakhala ndikukoka mpweya wonse.

Ndine mwamuna wako,
Sharifu